Buku loyamba limafuna phungu

 Lero ticheze za makope. Sindikunena makope a ana asukulu ayi. Ndikunena makope aja ali pansi pa sutikesi, ena m'jumbo kuseri kwa kabati, odzaza ndi nkhani imene munthu wakhala akulemba usiku anzake atagona, n'kumadziuza kuti tsiku lina idzakhala buku.

Ntchito yanga ina ndi yoyenda ndi anthu otere, amene akulemba buku koyamba ndipo akufuna kulisindikiza ndi ndalama za m'thumba mwawo. Ndiyambe ndi mayi wina amene anafika pakhomo panga atafungatira kamtolo ka m'chitenje. Anali mphunzitsi wopuma pantchito. Atakhala pansi anamasula chitenje chija, ndipo munali makope 7, ena achikuto chothothoka, olembedwa ndi dzanja lokongola la aphunzitsi akale lija.

"Bambo," anatero, "ndamva kuti mumathandiza olemba. Ine ndamaliza. Mungondilozera kosindikiza, ndalama ndapatula kale pa penshoni."

Ndinawafunsa kuti, "Amayi, wawerengapo ndani?"

"Ana anga. Akuti ndi labwino kwabasi."

Ndinapempha kuti andisiyire makopewo kwa milungu iwiri. Kope loyamba lonse, mpaka pakati pa lachiwiri, munali mawu okhaokha otamanda maphunziro: kuti sukulu ndi yofunika, kuti mwana wamkazi aphunzire, kuti makolo asamagonere. Zoona zokhazokha, koma zimene aliyense anazimva kale pamsonkhano wa makolo. Ndinatsala pang'ono kutopa. Kenaka m'kope lachitatu ndinapeza tsiku limene iwo anafika koyamba pasukulu imene anawatumiza, ali mtsikana, mvula ili pakati. Denga la kalasi linali litasasuka ndi mphepo. Anaphunzitsira pansi pa mkuyu. Kamtsikana kena kanabwera katabereka mng'ono wake kumbuyo, kopanda kope, kopanda pensulo, n'kumalemba zilembo ndi chala pamchenga wonyowa, mwana akulira kumsana. Aphunzitsi aja anavula juzi yawo n'kufunditsa khandalo. Pamenepo ndinaimika kuwerenga, ndinadzuka, ndinayenda pang'ono pabwalo. Buku linali litayamba.

Atabweranso ndinawauza. "Amayi, buku lanu likuyambira pansi pa mkuyu paja. Zam'mbuyozi zichoke."

Anakhala chete nthawi yaitali, akusisita chikuto cha kope loyamba. "Ndiye masamba onsewa, a chaka chathunthu, ndingotaya?"

Anamanga kamtolo kawo n'kumapita, osatsanzika bwino. Milungu itatu inadutsa foni osalira. Mlungu wachinayi anaimba. "Bambo, ndawerenganso. Munanena zoona. Tiyambire pati?"

Omvera anga, ntchito ya phungu wa wolemba yagona pamenepo. Kwathu kuno tikudziwa kuti namwali salowa yekha kutsimba. Amakhala ndi phungu, munthu amene anadutsamo kale, womuyang'anira, womuuza pamene walakwa, womulimbitsa mtima pamene akufuna kuthawa. Phungu savinira namwali. Amene akukula ndi namwaliyo. Wolemba buku loyamba amafunanso munthu wotere: wowerenga tsamba lililonse, wosamuopa, wosamuchitira nsanje, wofuna kuti bukulo likhale labwino kuposa mmene mwiniwake akuganizira. Ana anu, akazi anu, abusa anu, onsewo amakukondani, ndipo chifukwa cha chikondicho sangakuuzeni kuti mutu wachiwiri ukugonetsa tulo.

Olemba athu amene timawatchula ndi ulemu sanayende okha. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo n'kupambana nalo mpikisano wa bungwe loona za zilankhulo za mu Africa la ku London, ndipo bukulo linatuluka m'chaka cha 1933. Panali ena omulimbikitsa kuti alembe, ena okonza ndi kusindikiza pamishoni, ndiponso Thomas Cullen Young amene analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa m'chaka cha 1934. Ku Chancellor College, kuyambira 1970, kunali gulu la olemba lotchedwa Writers Group. Ankakumana mlungu ndi mlungu, wina n'kubweretsa ndakatulo kapena nkhani yake, anzake n'kuisenda pamaso pake, osamunyengerera. M'gulu limenelo munadutsa Jack Mapanje, Steve Chimombo, Frank Chipasula, Anthony Nazombe ndi ena. Nthawi imeneyo lamulo la 1968 lounika zofalitsa linali pakhosi pa aliyense, choncho kuwerengerana kunkaphunzitsanso munthu kusankha liwu mosamala. Ngakhale William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene nkhani yake ya makina amphepo inamveka dziko lonse, buku lake la 2009 analemba ndi mtolankhani Bryan Mealer, ndipo maina onse awiri ali pachikuto. Zimenezo ndimazilemekeza. Ngati wina wakulemberani ziganizo, dzina lake lioneke. Ngati wangokuperekezani, buku ndi lanu.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu ambiri lero akusindikiza okha? Makampani osindikiza mabuku tili nawo: CLAIM, Dzuka, Montfort Media ku Balaka, Kachere ku Zomba, ndi ena atsopano. Kale Popular Publications ku Limbe inkatulutsa nkhani za olemba a kuno zimene ambiri a ife tinakulira. Koma kampani imayang'ana kumene kuli ogula, ndipo ogula otsimikizika ali kusukulu. Buku likasankhidwa kuti ana azilemberapo mayeso, limayenda. Mbiri ya mphunzitsi wopuma pantchito, ndakatulo za mnyamata wa ku Ndirande, maulaliki a abusa a kumudzi, zimenezi kampani imaziyang'ana kawiri isanaikepo ndalama. Ndiye munthu amati, bwanji ndingodzichitira ndekha? Palibe chamanyazi. Steve Chimombo, mphunzitsi wamkulu wa payunivesite, mabuku ake ambiri anawatulutsa yekha kudzera ku kampani ya WASI, imene anaiyambitsa ku Zomba. Koma iye ankadziwa ntchito yonse imene akusenza. Ambiri a ife sitiidziwa.

Pano Chichewa chathu chimatisokoneza pang'ono. Timati "osindikiza" ponena anthu awiri osiyana. Pali kampani yotulutsa mabuku, imene imasankha nkhani, kuikonza, kuiyala bwino pamasamba, kulipira makina, kugawa m'masitolo, kenaka kukupatsani gawo lanu. Ndiye pali mwini makina, amene ntchito yake ndi kuthira inki papepala ndi kumata chikuto. Mwini makina sawerenga buku lanu. Mukamupatsa tsamba limene dzina la amayi anu lalakwika, adzalisindikiza lolakwikalo ka 500, mwaukhondo, n'kukupatsani risiti. Mukasankha kusindikiza nokha, ntchito zonse za kampani ija zagwera inu. Walira mvula walira matope.

Tibwerere kwa amayi aja. Funso loyamba limene ndinawafunsa titayambiranso linali lakuti, mukulembera ndani? Anati, "Aliyense." Ndinati ayi, tchulani munthu mmodzi. Anaganiza, kenaka anati pali mtsikana wina amene wangomaliza kumene maphunziro a uphunzitsi, ndipo amutumiza kusukulu ya kutali kumene kulibe magetsi, akufuna kukana. "Ndikufuna ameneyo awerenge." Kuchokera tsiku limenelo, ndime iliyonse tinkaiyeza ndi mtsikana ameneyo. Kodi izi zimuthandiza? Kodi apa sasiya kuwerenga? Mitu ina inagwa yokha popanda ine kunena kanthu. Ina imene munalibe inabadwa, monga wa momwe ankakhalira miyezi malipiro asanafike, akudya za makolo a ana.

Tinagwirizananso kuti Loweruka lililonse azibwera ndi masamba 5 olembedwanso, ndipo aziwerenga mokweza, ine ndikumvetsera. Inu amene mumamvera wailesi mukudziwa kuti khutu silinamizika. Chiganizo chimene diso lachilola, lilime limapunthwa nacho. Pomwe mpweya wakutherani musanafike pampumiro, chiganizocho chatalika. Pomwe mwayamba kuwerenga mothamanga kuti mudutse msanga, ndiye kuti inunso mwini wake pakukutopetsani, nanga mlendo? Amayi aja ankati akafika pamalo otere amaima okha, n'kuseka, n'kutenga cholembera kudula.

Pali cholakwa chimene ndinachita, ndipo ndichinene kuti aphungu anzanga amve. Amayiwa anakulira kuchigwa cha Shire, ndipo m'zolemba zawo munali mawu ndi kayankhulidwe ka kwawoko, makamaka akamalemba zoyankhula za makolo ndi ana. Ine, pofuna kuthandiza, ndinatenga mutu wina n'kuusalaza wonse kuti ufanane ndi Chichewa cha m'mabuku a sukulu. Atauwerenga anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, Chichewa chake n'chabwino. Koma agogo amene akuyankhula apawa si agogo anga." Ndinachita manyazi, chifukwa ndinali nditalanda buku la eni. Tinabwezeretsa mawu onse. Kuyambira pamenepo ndimalemba ndemanga zanga m'mphepete mwa tsamba ndi pensulo, ndimafunsa mafunso, koma chiganizo chatsopano alembe mwini wake.

Kusunga mawu a kwanu sikutanthauza kulemba mwachisawawa. Kalembedwe kali ndi malamulo ake. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972 ndipo linatulutsa malamulo a kalembedwe. Ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba m'chaka cha 1996, ndipo kumeneko kunachokera Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Wolemba Chichewa aliyense akhale nalo pafupi bukuli. Zimene zimagwetsa ambiri ndi zazing'ono: pomwe palowa "l" ndi pomwe palowa "r", mawu olumikiza ndi olekanitsa, kachizindikiro ka m'mwamba kaja ka mu "ng'ombe" ndi "m'nyumba". Mukalemba liwu mwanjira ina patsamba 10, lilembeni chimodzimodzi patsamba 90. Ndipo musadalire kompyuta. Ikamaona Chichewa imangodula mizere yofiira paliponse, nthawi zina n'kusintha liwu lanu kukhala la Chingerezi inu osaona. Wotayipa naye ndi munthu, amatopa, amadumpha mzere. Makope aja atatayipidwa, ine ndi amayi aja tinakhala masiku atatu, iwo akuwerenga m'kope, ine ndikutsatira papepala. Tinapeza ndime yathunthu itasowa, ndipo mwana wina amene m'kope anachira, papepala anachoka.

Zikangotayipidwa, zisungeni malo atatu: pakompyuta, pa fulashi, ndipo mudzitumizire nokha pa imelo. Mnyamata wina amene ndinkamuthandiza ankalemba nkhani yake yonse pafoni. Foniyo anamubera m'depoti. Miyezi 14 ya ntchito inapita ndi wakubayo, ndipo mpaka lero sanayambirenso.

Kukonza buku kuli ndi maulendo ake, ndipo musawasakanize. Ulendo woyamba mumaona nyumba yonse: nkhani yayambira poyenera, mitu yatsatana bwino, mathero akukhutiritsa. Ulendo wachiwiri mumaona ziganizo. Ulendo womaliza, buku litayalidwa kale pamasamba, ndi wosaka zilembo zolakwika, ndipo umenewu achite munthu wina amene sanaliwerengepo, chifukwa diso lanu ndi la phungu wanu lazolowera, likuona zimene mukufuna kuona. Ambiri amalipira munthu wa ulendo womalizawu yekha, n'kumati buku lakonzedwa. Kumeneko n'kupaka laimu nyumba ya ming'alu.

Mukamalemba za moyo wanu, kumbukirani kuti m'moyo wanumo mulinso anthu ena, ndipo ambiri ali moyo. Amayi aja analemba za mphunzitsi wamkulu wina amene anawazunza, dzina lake lonse, mudzi wake, ndi zimene ankachita ndi ndalama za sukulu. Ndinawafunsa ngati angathe kuikira umboni zimenezo pabwalo la milandu. Anati ayi, koma aliyense ankadziwa. Zimene aliyense ankadziwa sizikutetezani woweruza akafunsa. Dzina tinachotsa, mudzi tinachotsa, nkhanza zake zinatsala, ndipo nkhaniyo sinachepe mphamvu. Chimodzimodzinso nyimbo, ndakatulo ndi zithunzi za ena: zili ndi eni ake. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza iwo monga momwe limatetezera inu, ndipo bungwe la COSOMA lilipo kuti mukafunse musanatenge kanthu ka wina.

Tsopano za nambala ija ili kumbuyo kwa buku, pamwamba pa timizere takuda. Imatchedwa ISBN, ili ndi manambala 13, ndipo ndi imene imazindikiritsa buku lanu kulikonse padziko. Kuno kwathu imaperekedwa ndi National Archives ku Zomba. Mukatenga buku losindikizidwa kuno n'kuyang'ana, nthawi zambiri mudzaona 99908 kapena 99960 pambuyo pa 978; chimenecho ndi chizindikiro cha Malawi. Itengeni m'dzina lanu, ngati wotulutsa buku ndinu. Ndipo buku likatuluka, lamulo limafuna kuti mupereke kope ku National Archives komweko. Ena amaona ngati n'kuluza buku limodzi. Ine ndimati ndi kope lokhalo limene mungakhulupirire kuti mdzukulu wa mdzukulu wanu adzalipeza, chiswe chitadya ena onse.

Tifike kwa mwini makina, kumene ndalama zambiri zimathera. Pitani kwa atatu, aliyense akulembereni mtengo papepala: kukula kwa buku, kuchuluka kwa masamba, kulemera kwa pepala lam'kati, kulimba kwa chikuto, ndiponso ngati amata ndi guluu kapena abaya ndi mawaya. Pepala ndi inki timaitanitsa kunja, choncho kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wosindikizira umakwera nthawi yomweyo. Mtengo umene anakuuzani mwezi watha musauyese wa lero.

Ndipo musalole kuti asindikize onse musanagwire limodzi m'manja. Ichi ndinachiphunzira mowawa. Buku loyamba limene ndinathandiza munthu kutulutsa, tinalipira zonse, tinakatenga makatoni, tinasangalala. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Patangotha milungu iwiri anthu anayamba kubweza mabuku. Guluu anali wosalimba, ndipo munthu akangotsegula pakati, masamba ankathothoka ngati a mtengo m'chilimwe. Mwini makina anati tinalandira katundu tokha ndipo tinasaina. Mwini buku, bambo wachikulire amene anagulitsa ng'ombe kuti asindikize, anakhala pakhonde panga osayankhula, makatoni ali pambali pake. Nkhope yake sindiiwala. Lero ndimauza aliyense kuti, pemphani buku limodzi lachitsanzo. Litseguleni pakati mwamphamvu. Ligwedezeni mutagwira chikuto. Werengani manambala a masamba kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Onani ngati zilembo sizinalowe kumsana kwa buku moti owerenga azichita kusuzumira. Mukakhutira, sainani pa limenelo, ndipo ndalama yotsala mudzamalize mutaona katundu yense.

Musindikize angati? Apa mtima umanyenga. Mwini makina adzakuuzani zoona kuti mukasindikiza ambiri, mtengo wa buku limodzi umatsika. Koma buku lotsika mtengo limene lili m'katoni pansi pa bedi ladya ndalama zanu chimodzimodzi. Masiku ano alipo makina amene amatha kutulutsa mabuku 50 kapena 100 okha. Limodzi limakwererapo, inde, koma mpamba wanu sumangika. Ndinawauza amayi aja kuti atenge pepala alembe maina a anthu amene akutsimikiza kuti adzatulutsa ndalama, osati amene adzayamikire chabe. Anafika pa 60 n'kuima. Tinasindikiza 100.

Poika mtengo, werengerani zonse: wotayipa, mkonzi, wojambula chikuto, makina, maulendo a ku Zomba ndi kwa osindikiza, mabuku amene mudzapereke ulere. Kenaka kumbukirani kuti sitolo ya mabuku imatengapo gawo lake, ndipo kawirikawiri imalandira mabuku anu pangongole, kudzakulipirani akagulidwa. Lembani pangano, ngakhale mwini sitolo ndi mlamu wanu: mabuku angati, mtengo wanji, mudzaonana liti.

Mwambo wokhazikitsa buku timaukonda, ndipo ndi wabwino. Holo, mlendo wolemekezeka, buku loyamba kuligula pamtengo wokwera, anthu kuimirira kulonjeza. Koma ndaona olemba akubwereka ndalama za holo, zakumwa ndi zokuzira mawu zoposa zimene analipira kwa mkonzi, akudalira malonjezo a tsikulo. Malonjezo ena amafika. Ambiri muyenera kuwalondola miyezi, mpaka manyazi kukugwirani inu amene muli ndi ngongole kwa eni holo. Amayi aja anakhazikitsa buku lawo m'kalasi ya sukulu imene anapumira, Loweruka masana, ndi mabotolo a thobwa. Anawerenga mutu wa pansi pa mkuyu uja. Anthu anagula ndi ndalama m'manja.

Kugulitsa kwenikweni kumayamba tsiku lotsatira, ndipo n'kwa miyendo. Buku limayenda m'chikwama chanu kupita kutchalitchi, kumsonkhano wa aphunzitsi, kuukwati, kubanki m'khonde. Wakutali amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, inu n'kupatsira buku pabasi. Pitani ku nthambi ya National Library Service imene muli nayo pafupi mukasiyeko limodzi. Kamkwamba uja anapeza buku limene linasintha moyo wake m'kalaibulale kakang'ono ka kumudzi. Ngati muli ndi abale ku Johannesburg kapena ku Britain amene akufuna kuwerenga za kwawo, njira zogulitsira pa intaneti monga Amazon zilipo, koma yambani mwafunsa momwe ndalama zanu zidzakufikireni kuno, ndipo musaiwale kuti azakhali anu a ku Mchinji sadzagula kumeneko. Chenjezo limodzi lokha: buku lonse la pakompyuta musalitumize kwa munthu pa WhatsApp, ngakhale akhale mnzanu wa pamtima amene akuti angoonako. Likatuluka m'foni mwanu lalowa m'magulu, ndipo simudzalibwezanso.

Ndisanatseke ndinene za aphungu onyenga, chifukwa achuluka. Mudzaona zolengeza zoti lipirani mwakuti, m'masiku 7 mukhala wolemba buku. Ena amakutamandani kuyambira tsiku loyamba, chifukwa akudziwa kuti munthu wotamandidwa sawerenga ndalama. Ena amatenga nkhani yanu n'kuipatsa kompyuta kuti iwalembere, n'kukubwezerani chinthu chosalala chopanda fungo la kwanu. Phungu woona mudzamudziwa motere. Amayamba wawerenga asanatchule mtengo. Amakuuzani chimene chichoke, osati chokoma chokha. Amakuonetsani mabuku amene anathandizapo, ndipo amalola kuti mukafunse eni ake. Salonjeza kuti mudzalemera. Ndipo mukasiyana maganizo pa chiganizo, amafotokoza chifukwa chake, kenaka amakusiyirani inu chigamulo. Kulipira phungu kapena mkonzi n'koyenera, ndi ntchito ngati ina iliyonse. Koma ngati ndalama mulibe, musakhale pansi. Pezani anzanu atatu olemba, muzikumana pansi pa mtengo mwezi ndi mwezi, muziwerengerana monga ankachitira a ku Chancellor aja. Funsani a Malawi Writers Union za olemba a m'dera lanu. Tumizani nkhani zazifupi ku masamba a Chichewa a m'nyuzipepala, monga Tikambe ndi Tamvani. Mkonzi akaidula kapena akaikana, mwaphunzirapo kanthu kwaulere.

Kuchokera tsiku limene amayi aja anamasula chitenje pakhomo panga kufika tsiku la thobwa lija panadutsa miyezi 11. Makope 7 anasanduka buku la masamba 120. Mabuku 100 aja anatha, ndipo anasindikizanso ena 50 ndi ndalama zochokera m'buku lomwelo, penshoni osaikhudzanso. Mtsikana uja amene ankamulembera anapita kusukulu ya kutali ija, ndipo buku anapita nalo.

Inu amene muli ndi makope pansi pa sutikesi, atulutseni mlungu uno. Musapite nawo kwa mwini makina. Apatseni munthu mmodzi amene amawerenga mabuku ndipo sakuopani, mumupemphe kuti akuuzeni tsamba limene anayamba kutopa ndi tsamba limene anaiwala kuti akuwerenga. Akakuuzani, musamuyankhe tsiku lomwelo.